Kuphunzitsa Chingerezi m'magulu ku sekondale: mmene mungakonzere kuti aliyense atsegule pakamwa

Tiyambe ndi masamu pang'ono, aphunzitsi anzanga. Mu 1985, akatswiri awiri a kaphunzitsidwe ka zilankhulo, Michael Long ndi Patricia Porter, anawerengetsera nthawi imene wophunzira mmodzi amapeza yolankhula Chingerezi m'kalasi ya sekondale ya ophunzira 30, mphunzitsi akamaphunzitsa ali kutsogolo n'kumaloza mmodzimmodzi. Pa phunziro la mphindi 50, theka limatha mphunzitsi akulankhula. Mukachotsaponso nthawi yoitana mayina, yotolera makope, yowerenga ndi yolemba, pamatsala mphindi 15 zoti ana onse aja agawane. Aliyense amapeza masekondi 30 pa phunziro, lomwe ndi ola limodzi lokha pa chaka chonse. Ngati kalasi yanu ili ndi ophunzira 60 kapena kuposerapo, werengetserani nokha. Ndiye tidabwe chiyani mwana akamamaliza sekondale malamulo a galamala ali pamtima, koma akafunsidwa funso wamba lilime n'kumulemera?

Mphindi 15 zomwezo mukazipereka ku magulu a anthu anayianayi, aliyense amapeza pafupifupi mphindi zinayi. Ndipo kulankhulako n'kofunika chifukwa kumva kokha sikukwanira. Merrill Swain anafufuza ana a ku Canada amene ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa, chomwe sichinali chilankhulo cha kwawo. Patapita zaka ankachimva bwino kwambiri, koma polankhula ndi polemba galamala inkawazembabe. Swain anaona kuti anawo sankakakamizika kawirikawiri kupanga okha ziganizo zomveka ndi zolondola. Munthu amadziwa pamene pakumuvuta akafuna kunena kanthu mawu n'kumuthawa.

Komabe ndinene mosapsatira kuti kungokhazika ana m'magulu sikuphunzitsa munthu Chingerezi. Tonse tinaonapo gulu limene mmodzi wanzeru ali kalikiliki kulemba, awiri akucheza zawo, wachinayi maso ali pawindo. Robert Slavin wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ataunika kafukufuku wambiri wa m'makalasi anapeza kuti magulu amakweza kakhozedwe pakakhala zinthu ziwiri pamodzi: gulu likhale ndi cholinga chimodzi, ndipo kupambana kwa gululo kudalire zimene aliyense payekha waphunzira. Ndondomeko yonse imene ndikupatseni apa yatsamira pa zinthu ziwirizi.

Choyamba, sankhani ntchito imene munthu mmodzi sangaimalize yekha

Musanasunthe desiki ndi imodzi yomwe, yang'anani ntchito imene mukufuna kupereka n'kudzifunsa kuti: kodi wophunzira wanzeru kwambiri m'gulumo angathe kuigwira yekha anzake ali duu? Ngati angathe, dziwani kuti adzaigwiradi yekha. Mafunso khumi a galamala olembedwa pa bolodi ndi otero. Mukangonena kuti "kambiranani", wodziwa amalemba mayankho, ena n'kukopera, ndipo Chingerezi chimene chalankhulidwa palibe.

Ntchito yoyenera gulu ndi imene mwaidula zidutswa, aliyense n'kugwira chidutswa chimene anzake alibe koma akuchifuna. Jambulani zithunzi ziwiri za chipinda chimodzi, zosiyana malo asanu ndi limodzi. Ngati mulibe makina ochulukitsira mapepala, pachikani china kutsogolo, china kumbuyo kwa kalasi, ophunzira akhale awiriawiri moyang'anizana kuti aliyense aziona chithunzi chimodzi chokha. Kuti apeze kusiyanako, ayenera kufunsana: "Is there a lamp on the table in your picture?" "How many chairs can you see?" Pomaliza amakhala atabwereza "there is", "there are", "under" ndi "behind" kambirimbiri popanda wowauza kuti abwereze.

Njira ina ndi kutenga nkhani ya ziganizo zisanu ndi zitatu, kuidula timizeretimizere, aliyense n'kulandira tiwiri. Lamulo likhale lakuti kapepala sakaika pa desiki ndipo sakaonetsa mnzake, koma kuwerenga mokweza basi. Gulu lipeze ndondomeko ya nkhaniyo pomvetsera mawu monga "first", "after that", "however" ndi "finally". Mukalola kuti timapepala tiyalidwe pa desiki, dzanja limodzi lofulumira lidzatisanja tonse mwakachetechete.

Ngakhale ntchito yokambirana maganizo iyenera kukhala ndi pothera pooneka. "Kambiranani ubwino ndi kuipa kwa intaneti" ndi ntchito yopanda khomo lotulukira, moti ana amanena ziganizo ziwiri n'kuyamba zina. Koma mukati, "Nazi zinthu 12, gwirizanani zisanu zokha zimene munganyamule pa ulendo wautali, ndipo pa chilichonse mulembe chifukwa chimodzi chogwiritsa ntchito because," mtsutso umabuka wokha, chifukwa pali choti achite kusankha.

Chachiwiri, magulu agaweni ndinu

Ana akadzisankhira okha, anzeru amathamangirana, mabwenzi amakhalirana, ndipo pamatsala kagulu ka osafunidwa ndi aliyense. Zimenezi zimapweteka mwana kuposa mmene timaganizira. Tengani ndandanda ya malikisi, mugawe kunyumba modekha: mmodzi wochita bwino, awiri apakati, mmodzi wovutika. Bungwe la ku England la Education Endowment Foundation, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zamaphunziro, limati timagulu ta anthu atatu mpaka asanu tokhala ndi ntchito imodzi yoti titulutse pamodzi ndi timene timaoneka kuti timathandiza kwambiri. Ine ndimakonda anayi, chifukwa amagawika mosavuta kukhala awiriawiri. Gulu la anthu khumi ndi kalasi inanso, mobisalira ndi mwambiri.

Ngati madesiki ndi olemera kapena malo ndi ochepa, musavutike kuwasuntha. Awiri a kutsogolo angotembenuka kuyang'anizana ndi awiri a kumbuyo kwawo. Magulu akhale omwewo kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi kuti azolowerane, kenako musinthe. Membala aliyense mupatseni nambala, 1 mpaka 4, ailembe pachikuto cha kope. Nambalazi mudzaziona ntchito yake kutsogoloku.

Maudindo monga wolemba, wosunga nthawi ndi woonetsetsa kuti aliyense walankhulapo azisinthana tsiku ndi tsiku. Mukawasiya, ulembi umangogwera mtsikana wolemba bwino teremu yonse, anyamata akulamula. Udindo umodzi wokha musaupereke ntchito isanathe: wa wokafotokozera kalasi zimene gulu lapeza. Akadziwika msanga, atatu enawo amapumula.

Chachitatu, apatseni mawu ogwirira ntchito, ndipo yambani ndi awiriawiri

Ana ambiri amathawira ku chilankhulo cha kwawo chifukwa chosowa timawu tating'ono toyendetsera kukambirana. Lembani ziganizo zochepa pa tchati, mupachike pakhoma, ndipo muziyeserere limodzi mokweza: "It's your turn." "Could you say that again?" "What does this word mean?" "How do you spell it?" "I agree, but..." "Why do you think so?" Sabata iliyonse onjezeranipo ziwiri.

Masabata awiri oyamba musathamangire ntchito zikuluzikulu. Gwiritsani ntchito njira imene Frank Lyman wa ku yunivesite ya Maryland anaifalitsa mu 1981, yotchedwa Think-Pair-Share. Mumafunsa funso, aliyense aganize yekha mwakachetechete n'kulemba mawu awiri atatu. Kenako auze mnzake woyandikana naye kwa mphindi imodzi. Pomaliza mumaloza munthu, koma m'malo mofunsa maganizo ake, mufunseni zimene mnzake wanena. Kamodzi kokha mukatero, onse amayamba kumvetserana. Gawo loganiza lija musalidumphe. Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika komanso oyankha amachuluka. Ganizirani tsono mwana amene yankho lake akuchita kulisaka m'chilankhulo chachiwiri.

Chachinayi, malangizo aperekedwe ana asanatembenuke

Akangoyang'anizana, makutu awo sakhalanso kwa inu. Fotokozani ntchito mwachidule, sonyezani chitsanzo ndi wophunzira mmodzi kutsogolo, ndipo musafunse kuti "Mwamva?" chifukwa onse adzavomera. Funsani kuti: woyamba kulankhula ndi nambala chani? Kodi muonetsana mapepala? Muli ndi mphindi zingati? Nthawi iperekeni yochepako kuposa imene mukuganiza kuti ikufunika, ndipo gwirizanani chizindikiro chosiyira, monga kukweza dzanja, aliyense wokuonani n'kukweza lake ali chete.

Chachisanu, phunziro lathunthu la kuwerenga

Njira ya jigsaw anaiyambitsa Elliot Aronson ndi ophunzira ake mu 1971 mumzinda wa Austin ku Texas. Pa nthawiyo sukulu za kumeneko zinali zitangoyamba kuphatikiza ana azungu, akuda ndi ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi, ndipo m'makalasi munali udani ndi kunyozana. Aronson anakonza zoti mwana aliyense asunge gawo la phunziro limene anzake sangalipeze kwina koma kwa iye. Wonyoza mnzake ankadzimana yekha zimene zidzabwere pa mayeso. Pa kalasi ya Chingerezi njirayi ndi yamtengo wapatali, chifukwa imaphatikiza kuwerenga, kulankhula, kumvetsera ndi kulemba m'phunziro limodzi.

Tiyerekeze phunziro la mphindi 40 ndi nkhani ya ndime zinayi yochokera m'buku lanu lomwelo. Sankhani nkhani imene ndime zake zimamveka paokha, monga zifukwa zinayi za vuto linalake kapena mbali zinayi za moyo wa munthu wotchuka. Nthano imene ndime yachitatu singamveke popanda yachiwiri siyenera pano.

Mphindi zisanu zoyamba, tchulani mutu, phunzitsani mawu ovuta osapitirira asanu ndi limodzi, ndipo aliyense ajambule m'kope mwake tebulo la magawo anayi. Mphindi 12 zotsatira, a nambala 1 akumane ndi anzawo a nambala 1 n'kuwerenga ndime yoyamba, a nambala 2 yachiwiri, mpaka onse. Kalasi ikakhala yaikulu, musaunjike a nambala 1 onse malo amodzi. Tengani magulu anayi oyandikana asinthane okhaokha, kuti timagulu tatsopanoti tikhalenso ta anayi. Kumeneko awerenge, agwirizane mfundo zitatu zikuluzikulu, alembe mawu okumbutsa osati ziganizo, ndipo aliyense ayeserere kufotokoza mokweza. Kuyesereraku ndi kumene kumapulumutsa wophunzira wovutika, chifukwa akamabwerera ku gulu lake amakhala atamva kale mfundozo katatu kuchokera kwa anzake.

Kenako abwerere ku magulu awo, mabuku atatsekedwa. Izi musazinyengerere, chifukwa buku likakhala lotsekula, kufotokoza kumasanduka kuwerenga mokweza kapena kukoperana. Aliyense ali ndi mphindi zitatu zophunzitsa anzake, iwo akulemba m'tebulo muja ndi kufunsa pamene sanamve. Zimenezi ndi mphindi 12. Mphindi zisanu ndi zitatu zotsatira, aliyense payekha ayankhe mafunso asanu ndi atatu, awiri pa ndime iliyonse, popanda kuthandizana. Zitatu zotsala, gulu linene chinthu chimodzi chimene chayenda bwino ndi chimodzi choti likonze. David ndi Roger Johnson a ku yunivesite ya Minnesota amaika kudziunika kwa gulu kotereku pa mndandanda wa zinthu zisanu zofunika kuti kuphunzira mothandizana kuyende, ndipo n'zoona kuti gulu limene silidzifunsa limabwereza vuto lomwelo sabata ndi sabata.

Ulendo woyamba padzakhala chipwirikiti, nthawi idzakuthawani, mwina mafunso omaliza adzadikira mawa. Musaleke. Pofika kachitatu ana amakhala atadziwa kopita osauzidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, galamala ndi kumasula lilime

Ena amati magulu ndi a kucheza, galamala yeniyeni imafuna bolodi ndi choko. Ayesereni dictogloss, njira imene Ruth Wajnryb anaifalitsa mu 1990. Konzani kandime ka ziganizo zisanu kokhala ndi mfundo ya galamala imene mwaphunzitsa kale. Werengani kawiri pa liwiro la masiku onse. Koyamba angomvetsera, kachiwiri alembe mawu amene akwanitsa kugwira. Palibe amene angagwire zonse, choncho gulu liphatikize zidutswa zawo n'kumanganso ndimeyo m'Chingerezi cholondola. Mvetserani zimene zimachitika: wina akuti munati "went", mnzake akuti "has gone", wachitatu akukumbutsa kuti m'chiganizomo muli "yesterday". Mkangano umenewo ndiye phunziro la galamala, ndipo likutuluka m'kamwa mwawo. Pomaliza lembani ndime yeniyeni pa bolodi, afananize ndi yawo, mukambirane kusiyana kumene kuli kulakwitsa ndi kumene kuli kunena chinthu chomwecho mwanjira ina.

Pomasula lilime pali njira ya 4/3/2. Wophunzira amakamba nkhani imodzi yomweyo kwa anthu atatu osiyana: woyamba kwa mphindi zinayi, wachiwiri zitatu, wachitatu ziwiri. Paul Nation ataiyesa mu 1989 anapeza kuti pofika kachitatu liwiro limakwera ndipo kudodoma kumachepa. Mutu ukhale wodziwika kale kwa wolankhulayo, ndipo kwa ongoyamba kumene tsitsani nthawi kukhala mphindi ziwiri, imodzi ndi theka, ndi imodzi. Pa ntchito iyi yokha musaphatikize wodziwa kwambiri ndi wovutika kwambiri, chifukwa wina amatopa, wina amachita manyazi.

Chachisanu ndi chiwiri, inuyo muzichita chiyani magulu akamagwira ntchito

Iyi si nthawi yochonga makope. Mphindi yoyamba zungulirani kalasi yonse mofulumira kuona ngati onse ayamba bwino. Kenako yendani pang'onopang'ono ndi kapepala m'manja, mukumvetsera. Musadule mwana pakamwa kuti mumukonze, pokhapokha ngati kulakwitsako kwaimitsa ntchito. Lembani zolakwika zimene zikubwerezedwa, ndipo pamapeto ikani zinayi kapena zisanu pa bolodi osatchula mwini wake, kalasi yonse izikonze. Ikaniponso chiganizo chimodzi chabwino chimene mwamva, ndipo chimenecho mwini wake mutchuleni.

Mantha akuti ana aziphunzitsana Chingerezi chopotoka ndi omveka, koma Long ndi Porter ataunika kafukufuku amene analipo anapeza kuti ophunzira akamalankhulana okhaokha salakwitsa kuposa mmene amalakwitsira poyankha mphunzitsi. Chimene gulu silingachite ndi kupereka chitsanzo cha Chingerezi chabwino nthawi zonse. Imeneyo ndi ntchito yanu ndi ya mabuku, n'chifukwa chake kukonza kwa pamapeto kuja sikuyenera kudumphidwa.

Nanga akayamba kulankhula chilankhulo cha kwawo? Musawalange, chifukwa chilango chimabala chete, ndipo chete saphunzitsa chilankhulo chilichonse. Mawu awiri atatu ofotokozerana tanthauzo amathandiza wovutika kuti asatsalire. Koma gulu lonse likasamukiratu, kawirikawiri vuto limakhala la ntchitoyo: yavuta kwambiri, sinamveke, kapena nthawi yachuluka. Imani pafupi, alozereni tchati chija, ndipo akumbutseni kuti chotuluka pamapeto chiyenera kukhala m'Chingerezi kuchokera pakamwa pa aliyense. Za phokoso, siyanitsani phokoso la ntchito ndi la masewera. Aphunzitseni kulankhula mitu itayandikana, mawu ofika kwa anthu atatu okha, ndipo mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nayo mudziwitseni pasadakhale.

Chachisanu ndi chitatu, aliyense adziwe kuti akhoza kufunsidwa

Katswiri wa zaulimi wa ku France, Max Ringelmann, anafalitsa mu 1913 zimene anapeza atayesa anthu okoka chingwe: gulu likamakula, mphamvu imene aliyense amaikapo imatsika. M'kalasi n'chimodzimodzi. Pamene zochita za munthu payekha sizioneka, ena amayamba kudyera anzawo masuku pamutu. Apa ndi pamene nambala zija zimagwira ntchito. Pa njira imene Spencer Kagan anaitchukitsa, mumafunsa funso, gulu likambirane mpaka litatsimikiza kuti onse anayi angathe kuyankha, ndiyeno mumatchula nambala mwachisawawa. Mukati 3, a nambala 3 okha ndiwo ayankhire magulu awo. Wanzeru uja amadziwa tsopano kuti kudziwa yekha sikupulumutsa gulu, ndipo amayamba kuphunzitsa m'malo mongolemba.

Pa malikisi, ndikupemphani kuti musapereke malikisi amodzi kwa gulu lonse n'kuwaika pa lipoti. Wolimbikira amaona kuti waberedwa, waulesi amaona kuti ulesi uli ndi phindu. Aliyense alembe mayeso ake. Gulu lilandire chiyamikiro potengera mmene mamembala akwerera poyerekeza ndi malikisi awo akale, monga mmene Slavin anakonzera njira yake. Wochoka pa 30 kufika pa 45 wabweretsera gulu zambiri kuposa wokhazikika pa 80, ndipo anzake amayamba kumuona ngati munthu wofunika. Elizabeth Cohen wa ku yunivesite ya Stanford anasonyeza kuti m'magulu, ana oonedwa ngati otsika amalankhula pang'ono ndipo samvedwa, ndipo olankhula pang'ono amaphunziranso pang'ono. Mankhwala ake ena ndi akuti mukamva mwana wotero wanena chanzeru, munene poyera mwatchutchutchu: funso limene wafunsa ndi limene lathandiza gulu kupeza mfundo yaikulu. Chiyamikirocho chikhale choona, chifukwa ana a sekondale amazindikira msanga chiyamikiro chachifundo.

Pomaliza, yesani ngati zikugwira

Si phunziro lililonse lofuna magulu. Mfundo yatsopano ya galamala ifotokozeni nokha momveka bwino. Kuwerenga chamumtima ndi kulemba chimangirizo chokonzekera mayeso, mwana azichita yekha, popeza m'chipinda cha mayeso adzalowa yekha. Mphindi 10 kapena 15 za gulu zokonzedwa bwino pa phunziro zimakwanira masiku ambiri, ndipo nkhani zake zichokere mu silabasi momwemo kuti musatsalire.

Kuti mudziwe ngati pali phindu, sankhani ophunzira asanu ndi mmodzi kumayambiriro kwa teremu, awiri apamwamba, awiri apakati, awiri ovutika. Aliyense alankhule kwa mphindi imodzi pa mutu wosavuta, inu mukulemba kuti wanena ziganizo zingati zomveka ndipo waima kangati. Bwerezani kumapeto kwa teremu ndi mutu wofanana kulemera kwake. Sungani ndime imodzi imene aliyense m'kalasi analemba sabata yoyamba kuti mudzaifananize ndi ya sabata yomaliza. Komanso sabata iliyonse imani pafupi ndi gulu limodzi kwa mphindi zitatu, mukuika kamzere pa dzina la aliyense wolankhula. Mukaona dzina limodzi likukhala lopanda kamzere masabata awiri otsatizana, musinthireni mwanayo mnzake wokhala naye, mupatseni gawo lake dzulo lake kuti akakonzekere kunyumba, ndipo pa ntchito yotsatira nambala yake ikhale yoyamba kulankhula.